Lipoti la ulendo wa ku Chicago: usiku umene masapota anakuwiza timu yawo itapambana

Lipoti lino ndinayenera kulipereka kumayambiriro kwa Okutobala, koma mashifiti a usiku anandipanikiza. A tcheyamani ndi nonse amene munatsala, pepani. Kuchedwako kwathandiza mbali ina, poti zina mwa zomwe tinkakangana m'galimoto pobwerera tsopano zaoneka mutu wake.

Tinanyamuka ku South Bend Lachiwiri pa 24 Sepitembala 2024, tilipo anthu 14, m'galimoto imodzi yobwereka. Tsikuli tinalisankha kale mu Ogasiti pa zifukwa zapafupi: Loweruka abale athu opemphera tsiku la Sabata sakanatha, Lamlungu enafe timakhala kutchalitchi, komanso matikiti a pakati pa mlungu amatsika mtengo. Panalibe amene ankadziwa kuti tikugula mipando ya usiku umene atolankhani a m'dziko lonse lino adzakhamukire kubwalo la Chicago White Sox. Lamlungu pa 22, ku San Diego, timuyi inagonja ka 120 m'chaka chimodzi, n'kufanana ndi New York Mets ya 1962, yomwe kwa zaka 62 inasenza mbiri yogonja kwambiri pa matimu onse a pambuyo pa chaka cha 1900. Kunatsala kugonja kumodzi kuti chitonzocho chikhale chawochawo, ndipo masewero otsatira anali athu aja.

Inu akumudzi amene lipotili likupezeni, mawu awiri okha za masewerawa kuti tiyendere limodzi. Baseball imafanana ndi raundasi ija tinkasewera kupulayimale. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi oimapo. Akazungulira n'kubwerera pamene anayambira, ndiye chigoli chimodzi. Masewero amakhala ndi zigawo 9, ndipo m'chigawo chilichonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa, kenako n'kusinthana. Kulibe zofanana mphamvu, amapitiriza mpaka wina apambane. Timu iliyonse imasewera ka 162 pachaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kuchokera kumapeto kwa Malichi kufika kumapeto kwa Sepitembala. Pa masewero ochuluka chonchi, ngakhale timu yofooka imatolako zipambano 60 kapena kuposa. Ya ifeyi, tsiku limene tinkanyamuka, inali nazo 36.

Kutsogolo, pafupi ndi achimwene amene ankayendetsa, kunakhala mkulu wathu uja tonse timangoti Amalume. Anavala jezi yawo yakale ya nambala 35, ya Frank Thomas. Iwo anafika kuno m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene timu yaing'ono ya ku South Bend inali nazale ya White Sox, isanakhale ya Cubs, timu inayo ya ku Chicago, ngati lero. Chikondi chawo chinayambira pamenepo, ndipo ambiri a ife anatikokera ndi iwowo. Titangolowa msewu wolipira uja wa Indiana Toll Road, amayi msungichuma anafunsa funso lomwe linatsegula nkhani ya ulendo wonse.

"Amalume, timu yonseyi kugonja tsiku ndi tsiku, osewera ake anapita kuti?"

"Mayi, mwafunsa bwino. Anagulitsidwa. Koma musaone ngati timu iyi inabadwa yosauka chonchi."

Anayambira mu 2005. Chaka chimenecho, mphunzitsi ali Ozzie Guillén, White Sox inasewera ka 12 m'ndime zolimbirana chikho n'kugonja kamodzi kokha, ndipo pamapeto inakwapula Houston Astros kanayi kotsatizana n'kutenga World Series, chikho chomwe inali isanachigwire kuyambira 1917. Amalume anati tsiku la chionetsero cha chikho m'misewu ya Chicago anapempha tchuthi kuntchito n'kupita okha. Kuchokera pamenepo, timuyi sinapambanenso ndime ngakhale imodzi yolimbirana chikho.

Koma pamene mawu awo anakwera ndi pa nkhani ya 2016 ndi 2017. Akuluakulu a timu anauza masapota kuti apirire, akugumula nyumba kuti amange ina yolimba. Chris Sale, woponya mpira wawo wapamwamba, anapita ku Boston, n'kubwera anyamata monga Yoán Moncada ndi Michael Kopech. Adam Eaton anapita ku Washington, n'kubwera Lucas Giolito ndi Reynaldo López. José Quintana anangowoloka tauni kupita ku Cubs, n'kubwera Eloy Jiménez ndi Dylan Cease. Anthu anapiriradi. Mu 2020 timu inalowa m'ndime zolimbirana chikho, mu 2021 inapambana ka 93 n'kutsogola m'gulu lake la AL Central. Koma zaka ziwirizo pamodzi, m'ndime zachikhozo inapambana masewero awiri okha. Mu 2022 inapambana ka 81 n'kugonja ka 81. Mu 2023 inagonja ka 101.

"Ndiye tamverani," anatero Amalume akuwerenga ndi zala. "Giolito ndi López, 2023, ku Angels. Cease, Malichi chaka chino, ku San Diego, ndipo mu Julaye waponya masewero athunthu osalola ndi mmodzi yemwe kumenya mpira wofikitsa pa malo oyamba. Kopech, Julaye, ku Dodgers. Jiménez, Julaye, ku Baltimore. Onse aja anatiuza kuti tiwadikire."

Amayi msungichuma anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti anagulitsa ng'ombe zamkaka n'kugula ana a ng'ombe, anawo atangoyamba kukamidwa awagulitsanso kuti agule ana ena?"

"Mwamva bwino, mayi. Ndipo akutiuzanso kuti tidikire."

Tinali tikudutsa mafakitale a zitsulo a ku Gary nthawi imeneyo, utsi uli tolotolo kumbali ya nyanja. Ine ndinayesa kuikira timu kumbuyo pang'ono, ndipo mpaka pano ndikuona kuti mfundo yanga inali ndi malo ake. Masabata awiri oyambirira a chaka chino, Jiménez, Luis Robert Jr. ndi Moncada anavulala motsatizana. Awa ndi amene amayenera kukhala msana wa omenya mpira. Robert, yemwe chaka chatha anamenya ma home run 38 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, n'kukhala chigoli), anakhala kunja pafupifupi miyezi iwiri. Moncada chaka chonse anaoneka m'masewero 12 okha. Palibe timu imene ingataye anthu atatu otere osatsimphina. Amalume anavomera, koma anati kutsimphina ndi kwina, kugwa chagada ndi kwina. Timu imene inapambana katatu kokha pa masewero 25 oyambirira, n'kugonja ka 14 motsatizana mu Meyi ndi Juni, kenako ka 21 motsatizana kuchokera pa 10 Julaye mpaka pa 5 Ogasiti, kenakonso ka 12, vuto lake silingakhale minofu ya anthu atatu. Ndinagonja pamenepo.

Nkhani imene inawawa Amalume kwambiri si ya osewera ayi, ndi ya amene amasankha osewerawo. Mwini timu, Jerry Reinsdorf, anali ndi zaka 88 mu 2024, ndipo anaigula mu 1981. Ndi yemweyonso mwini wa Chicago Bulls ya basketball. Mu 2020, timu itangoyamba kuuluka, analemba ntchito Tony La Russa, mnzake wakalekale wa zaka 76, yemwe anali atasiya uphunzitsi mu 2011. Mu Ogasiti 2023 anachotsa Ken Williams ndi Rick Hahn, akuluakulu omwe ankagula ndi kugulitsa osewera, anthu n'kumati mwina tsopano kubwera munthu wakunja wamaso atsopano. Patangotha masiku ochepa anakweza Chris Getz, wa m'nyumba momwemo, yemwe ntchito yake inali yoyang'anira nazale yophunzitsira osewera achinyamata, nazale yomwe masapota ambiri ankaidandaula kale. Mphunzitsi Pedro Grifol anakhalabe pampando mpaka pa 8 Ogasiti chaka chino, timu itapambana ka 28 n'kugonja ka 89, m'pamene anamuchotsa n'kuika Grady Sizemore ngati wogwirizira. Ndipo pa ndalama: kontirakiti yaikulu kwambiri imene timuyi inaperekapo ndi ya Andrew Benintendi, madola 75 miliyoni pa zaka zisanu. Pofika 2024, pa matimu 30 a ligiyi, awiri okha, White Sox ndi Athletics, ndi amene anali asanapatsepo wosewera kontirakiti yofika madola 100 miliyoni. Iyi ndi timu ya mumzinda wachitatu kukula mu America.

Tinakwera mlatho wa Skyway, n'kulowa mumsewu wa Dan Ryan, n'kupatukira pa 35th Street. Paja Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi South Bend, ndiye tinafika dzuwa likadalipo, zipata asanatsegule. Malo oimika magalimoto a bwaloli amalola anthu kuotcha nyama, choncho tinatulutsa mbaula, nkhuku ndi mandasi omwe amayi anakazinga m'mawa. Amalume anatenga ana atatu amene tinali nawo n'kukawaonetsa chizindikiro chomwe chili pansi kutsidya kwa msewu, pamalo pamene omenya mpira ankaima m'bwalo lakale la Comiskey Park, lomwe linagumulidwa latsopanoli litatsegulidwa mu 1991. Bwalo latsopanoli, lomwe mu 2024 linkatchedwa Guaranteed Rate Field, linamangidwa ndi ndalama za boma, timu itaopseza mu 1988 kuti isamukira ku Florida. Kumayambiriro kwa chaka chomwe chino mwini timu anapitanso ku Springfield kukakambirana ndi aphungu za ndalama zomangira bwalo lina pafupi ndi pakati pa tauni. Zimenezi masapota sanaziiwale, ndipo zikwangwani zina zomwe tinaona pachipata zinkanena zomwezo.

Langizo kwa amene adzapite ulendo wina: zikwama zikuluzikulu sizilowa, musiye m'galimoto.

M'kati, bwalo lolowa anthu pafupifupi 40,000 linali ndi anthu opitirira pang'ono 17,000, malinga ndi chiwerengero chomwe analengeza. Kumtunda mipando inali mbee. Tinazungulira kaye kukaona ziboliboli za akatswiri akale, Minnie Miñoso wa ku Cuba, Harold Baines, Paul Konerko ndi Frank Thomas yemwe, pomwe Amalume anajambulitsa. Fungo la anyezi wokazinga ndi soseji linali ponseponse. Anthu ena anavala mapepala a m'golosale kumutu, ataboola maso okha, kusonyeza kuti akuchita manyazi kudziwika kuti ndi masapota a timuyi. Ena ananyamula zikwangwani zolembedwa 121. Makamera anali ochuluka kuposa mmene masewero a matimu awiri a kumchira angafunire, poti nayo Los Angeles Angels yomwe tinkasewera nayo inali pamavuto ake, Shohei Ohtani atawachokera ndipo Mike Trout atavulala.

Kumbuyo kwathu kunakhala bambo wina wachikulire wa konkuno ku South Side ndi mdzukulu wake. Atamva tikulankhula Chichewa anafunsa kumene tinachokera, ndipo titamuuza kuti tayenda makilomita oposa 140, anapukusa mutu n'kutigwira chanza mmodzimmodzi. Anati bambo ake ankamutengera kubwalo lakale lija ali mwana, iye n'kudzatengeranso ana ake, tsopano mdzukulu. Ndinamufunsa ngati akufuna timu ipambane usiku umenewo. Anayankha kuti koyamba m'moyo wake sakufuna. Anati timu ikathera pa 120, akuluakulu adzanena kuti chinali chaka chovuta chabe. Koma 121 idzalembedwa m'mabuku pambali pa dzina la mwini timu, ndipo palibe ndalama imene idzaifufute. Mawu amenewa anandikhala m'mutu masewero onse.

Zigawo zisanu ndi chimodzi zoyamba zinadutsa popanda chigoli. Mnyamata wathu woponya mpira, Jonathan Cannon, yemwe chaka chino ndi choyamba mu ligi yaikulu, anagwira ntchito yooneka, Angels osapeza polowera. Koma phokoso lalikulu silinali lomuyamikira iye. Mwa apo ndi apo mbali ina ya bwalo inkayambitsa, ena n'kulandira, mpaka bwalo lonse: "Sell the team! Sell the team!" Ndiye kuti, gulitsani timu. Ana athu anayamba kuimba nawo osadziwa n'komwe kuti akuimbira ndani.

M'chigawo cha 7 Angels anachinya, ndipo anthu ovala zakuda ndi zoyera, mitundu ya timu yathu, anawomba m'manja. M'chigawo cha 8 Jack López wa Angels anamenya home run, zigoli n'kukhala 2 kwa 0, bwalo n'kuimirira ngati chikho chabwera. Ine ndaonerapo mpira wamiyendo kumudzi, pa Kamuzu Stadium ndi pa Civo, ndaonapo masapota akutukwana kochi wawo, akudikira osewera pachipata, koma kusangalalira chigoli cha adani pabwalo lako ndinali ndisanakuonepo. Amalume sanaimirire. Anangopinda manja.

Kenako zinthu zinatembenuka. M'chigawo chomwecho anyamata athu anamenya mipira iwiri yabwino, Bryan Ramos n'kulowetsa chigoli choyamba. Luis Robert anamenya mpira wongokwera m'mwamba, wosavuta kuwakha, ndipo López yemwe uja, amene anthu ankamuwombera m'manja mphindi zochepa zapitazo, anaulephera, n'kugwera pansi. 2 kwa 2. Benintendi, wa madola 75 miliyoni uja, yemwe masapota amunena chaka chonse, anamenya mpira wodutsa pakati pa ogwira, chigoli chachitatu n'kulowa. Chaka chonsechi timuyi inali isanapambanepo masewero amene inali m'mbuyo pofika kumapeto kwa chigawo cha 7. Inasankha usiku umenewu.

Apa ndinene za ine mwini. Popita ndinali ndi mtima wofanana ndi wa bambo uja wa kumbuyo. Ndinkafuna kudzauza ana kuti ndinalipo. Koma mpira wa Benintendi utadutsa, ndinapezeka ndaimirira ndikukuwa mosangalala, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 9, anali akudumpha pambali panga. Pamene munthu womaliza wa Angels anatulutsidwa, masewero n'kutha 3 kwa 2, osewera athu anathamangira pakati kukagwirana manja, ndipo bwalo lawo lomwe linawakuwiza. Si onse, ena ankawomba m'manja ngati ife, koma kukuwizako kunamveka bwinobwino. Mwana uja anandigwira dzanja n'kufunsa, "Amalume, talakwa chiyani? Si tapambana?" Ndinasowa chomuyankha chachidule.

Ndinayang'ana anyamata aja akulowa m'chipinda chawo. Ambiri mwa iwo chaka chino akhala akukwera ndi kutsika pakati pa Chicago ndi timu ya nazale ya ku Charlotte. Sanagulitse Cease ndi iwo. Sanalembe ntchito La Russa ndi iwo. Anaitanidwa kudzatseka mipata yomwe anasiya anthu ogulitsidwa, ena asanakhwime n'komwe, ndipo usiku umene anakana kuti chitonzo chiwagwere pakhomo pawo ndi umene anakuwizidwa. Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Pabwalo lija ndinaona akulu atadya, ana ndiwo akupotedwa.

Mkangano weniweni unabuka m'galimoto. Achimwene oyendetsa, omwe ndi a Wanderers kuyambira ubwana, ndiwo anayamba.

"Amalume, ine sindikumvetsa. Kumudzi timu yotere nkhwangwa ikanaigwera kalekale. Matimu atatu a pansi amatuluka mu Super League, akaone okha kumadiveshoni. Kuno timu yagonja ka 120, chaka chamawa ili pomwepo?"

"Ili pomwepo, achimwene. Kuno kulibe kutuluka."

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, monga ndikuionera ine. Mu ligi ya baseball matimu ndi 30 omwewo chaka ndi chaka. Ndalama za mawayilesi a kanema a dziko lonse amagawana onse, wapamwamba ndi wapansi. Mwini timu akachepetsa malipiro a osewera n'kugonja, sataya malo ake, ndipo timu yomwe anagula ndi madola pafupifupi 20 miliyoni mu 1981 lero mtengo wake uli m'mabiliyoni. Palibe msonkhano wa pachaka woti masapota akavote, palibe komiti yoti aichotse. Sapota watsala ndi zida ziwiri zokha: mpando wake kuusiya wopanda munthu, kapena kubwera n'kudzakuwa. Ndiye kukuwiza kuja ndikukumvetsa. Kunalunjika m'chipinda chagalasi cha kumtunda, cha mwini timu. Kungoti amene anali pafupi n'kukumva ndi anyamata a pansi.

Mchemwali wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba sanagwirizane nane pa zomvera chisoni osewera.

"Achimwene, musatilize ndi anyamata amenewa. Wolandira zochepa kwambiri mu ligi imeneyi malipiro ake ndi madola 740,000 pachaka. Ine ndimasenza anthu usiku wonse. Munthu wagula tikiti ndi thukuta lake, akuwize mmene akufunira."

Pa ndalamazo ananena zoona, ngakhale kuti amene amakwera ndi kutsika amalandira mlingo umenewo pa masiku okhawo amene ali mu ligi yaikulu. Koma ine ndinati ufulu wokuwiza sindikuutsutsa. Chimene chinandivuta n'chakuti mwana wa zaka 9 anaona anthu akuluakulu akulakalaka timu yawo igonje, ndipo amene anawafikitsa pamenepo sanaoneke n'komwe kuti ayankhepo. Mmodzi wa achinyamata obadwira kuno anati mwina kugonjako kuli ndi phindu, poti timu ya pansi ndi imene imayamba kusankha osewera atsopano ochokera m'masukulu. Amalume anaseka kuseka kowawa. Malamulo atsopano salola timu ya mumzinda waukulu ngati Chicago kusankha m'malo apamwamba zaka ziwiri zotsatizana. Chaka chino White Sox inasankha pa nambala 5, n'kutenga woponya mpira Hagen Smith. Chaka chamawa, ngakhale yagonja kuposa wina aliyense, singasankhe pamwamba kuposa nambala 10. Ngakhale mphoto ya wogonja yomwe ija palibe.

Panali nkhani inanso imene Amalume anaikumbutsa tili pafupi ndi Michigan City, ana atagona. Pa 30 Julaye, tsiku lotseka msika wa osewera, Paul DeJong anagulitsidwa ku Kansas City Royals, ndipo Royals anali ali pabwalo lomwelo tsiku limenelo. Munthuyo anangonyamula katundu wake kuchoka m'chipinda china kulowa china. Dzulo lake Erick Fedde, mmodzi mwa oponya mpira awiri okha amene ankadalirika, anali atapita ku St. Louis pamodzi ndi Tommy Pham, Kopech n'kupita ku Dodgers, ndipo wodziwika yekha amene anabwera pa anthu atatuwo ndi Miguel Vargas, yemwe miyezi iwiri yotsalayo anavutika kwambiri ndi chibonga. Ngakhale wolengeza masewero pa kanema amene anthu ankamukonda, Jason Benetti, yemwe anakula akusapota timu yomweyi, anachoka chaka chisanayambe n'kupita ku Detroit. Amalume anati zimenezi zinawapweteka kuposa kugulitsidwa kwa wosewera aliyense, chifukwa mawu ake ndiwo ankawaperekeza pa mashifiti a madzulo.

Tinafika ku South Bend usiku kwambiri, ola lija tinapindula popita litabwezedwa. Onse anafika kunyumba bwino, ndipo galimoto tinabweza m'mawa mwake ilibe vuto.

Zotsatira zake ambiri mukuzidziwa. Timu inagonjetsanso Angels Lachitatu, 4 kwa 3, Benintendi yemweyo atamenya mpira wothetsa masewero m'chigawo cha 10, ndipo Lachinayi inawakwapula 7 kwa 0. Anyamata aja anakanitsitsa kuti mbiriyo ilembedwere pakhomo. Inakalembedwera ku Detroit Lachisanu pa 27 Sepitembala, pomwe anagonja 4 kwa 1, Tigers n'kudzipezera malo m'ndime zolimbirana chikho usiku womwewo. Chaka chinatha ndi zipambano 41, kugonja ka 121, ndi zigoli 507, zochepa kuposa timu ina iliyonse. Bambo uja wa kumbuyo kwathu anapeza nambala yake. Kopech, mmodzi mwa ana a ng'ombe aja a 2016, watenga World Series ndi Dodgers kumapeto kwa Okutobala. Timu yalemba mphunzitsi watsopano, Will Venable. Mwini wake ndi yemwe uja, wogula ndi kugulitsa osewera ndi yemwe uja. Garrett Crochet, woponya mpira ndi dzanja lamanzere amene anali nyali yokhayo chaka chino, dzina lake linali kale pakamwa pa matimu ena chakumapeto kwa 2024, ndipo Amalume anati tisagulire ana jezi ya dzina lake.

Amayi msungichuma apereka tsatanetsatane wa zosonkha ndi zotsala pamsonkhano wotsatira. Pamsonkhano womwewo pali nkhani yoti tivotere. Ena akuti chaka chamawa tisatayenso mafuta, tingopita pa Four Winds Field pompano kukaonera South Bend Cubs, ndipo mchemwali uja akuti ndalama yathu isalowenso m'thumba la mwini timu mpaka atagulitsa. Mfundo yawo ndaimva, ndipo sindinganene kuti ndi yolakwika. Amalume sananene mbali imene ali, angoti jezi yawo ya nambala 35 achapa n'kuisunga. Mwana wa mlongo wanga wandifunsa kawiri kuti tidzapitanso liti, ati akufuna kukaona zozungulira zija za pamwamba pa bolodi la zigoli zikuyaka timu yathu ikamenya home run, poti usiku uja sitinaione ngakhale imodzi. Ine dzanja langa ndidzakweza pa ulendo wa ku 35th Street, mu Epulo.